Mphaka wa "mkonono" amene anali ndi chotupa kuseri kwa mphuno

Funso lakuti kodi n'kwachibadwa kuti mphaka azimveka akamapuma limabwera kawirikawiri m'chipinda choyezera ziweto. Nthawi zambiri limabwera ngati chowonjezera, mwini wake atanyamula kale bokosi kuti azipita. Nkhani iyi ndi ya mphaka wamng'ono amene anakhala miyezi ingapo akupuma mwaphokoso, a pakhomo pake akumuseka kuti ndi wa mkonono. Ndailembera anzanga a ntchito, makamaka amene angoyamba kumene kuona amphaka. Matenda ake si achilendo ayi, koma njira yokhotakhota imene anadutsa asanapezeke ndi yomwe amphaka ambiri otere amadutsamo.

Mbiri ya wodwala

Anali mphaka wamwamuna wofulidwa, wa ubweya waufupi ndi nkhope yotalika bwino, wa miyezi pafupifupi 14. Anamutola ali kamwana, ali ndi chimfine ndiponso manthongo m'maso. Chimfinecho chinatha, katemera analandira, ndipo anakula bwinobwino m'nyumba limodzi ndi mphaka wina wamkulu amene sanadwalepo.

Phokoso linayamba ali ndi miyezi 9 kapena 10, poyamba akagona pokha. Kenako linayamba kumveka akamadya, ndipo pamapeto pake ngakhale atangokhala phee pampando. Mayi amene amamusunga anandiuza kuti kwa nthawi yaitali ankaganiza kuti ndi kamkokomo kaja kamene mphaka amatulutsa akamasisitidwa, moti ankadziuza kuti ali ndi mphaka wosangalala kuposa onse. Mamina atayamba kutuluka anapita naye kuchipatala china cha ziweto, kumene anapatsidwa doxycycline, mankhwala opha mabakiteriya. Mamina anauma, phokoso linachepako, koma mankhwala atatha zonse zinabwerera. Anapatsidwanso mankhwala omwewo ndipo zinachitikanso chimodzimodzi.

Anzathuwo sindikuwaimba mlandu. Mphaka wamng'ono amene anadwalapo chimfine, wa mamina a mafinya, doxycycline ndi poyambira pomveka. Choyenera kukumbukira n'chakuti mamina akauma ndi mankhwala opha mabakiteriya, zimenezo zimangotiuza kuti mabakiteriya analipo. Sizitiuza chimene chinawatsegulira khomo. M'mphuno mwa mphaka mabakiteriya kawirikawiri amabwera pambuyo pa vuto lina, kaya kachilombo, kaya kaudzu kolowa, kaya chotupa.

Chimene chinawabweretsa kwa ife n'chakuti mphakayo anayamba kusiya chakudya m'mbale, kutambasula khosi akamameza, ndi kudzidzimuka kutulo pakamwa pali yasa.

Zimene ndinapeza

Mphaka wa vuto la kupuma ndimayamba kumuyang'ana ali m'bokosi lake, ndisanamukhudze. Akangogwidwa, mantha amasokoneza zonse, ndipo amene ali pampanipani weniweni angathe kufera m'manja. Uyu anali chigonere modekha, pakamwa potseka, akupuma ka 28 pa mphindi. Mimba sinali kugwira ntchito yothandizira kupuma. Phokoso linali lobesa, lonyowa, lomveka pokoka mpweya, ndipo potulutsa linkachepa kwambiri.

Kutentha kwa thupi kunali madigiri 38.7, nkhama zofiira bwino, mtima ukugunda mosadumpha ndiponso popanda phokoso lachilendo. Anali makilogalamu 3.2, pamene khadi la kuchipatala choyamba linasonyeza 3.6. Nditaika stethoscope, chipangizo chomvera mtima ndi mapapo, pachifuwa phokoso linamveka ponseponse, ndipo apa ndi pamene ambiri amasocherera n'kuyamba kuganiza za chibayo kapena mphumu. Njira yopewera zimenezi ndi kusuntha chipangizocho pang'onopang'ono kuchoka pachifuwa, kukwera ndi khosi mpaka kummero. Phokoso likamakula pamene ukukwera, gwero lake lili kumtunda ndipo m'chifuwa ukungomva mawu ofalikira. Apa linali lalikulu kwambiri kuseri kwa chibwano.

Ndinaika kagalasi kozizira patsogolo pa mphuno. Nthunzi inaoneka yochepa kwambiri, mbali zonse ziwiri mofanana. Kaulusi ka thonje kanangogwedezeka pang'ono. Mbali imodzi yokha ikatsekeka timaganiza za chinthu cha m'mphuno momwemo, monga dzino lowola, kaudzu kapena chotupa cha mbali imeneyo. Zonse ziwiri zikatsekeka mofanana, maganizo amapita kumbuyo kumene njira ziwirizi zimakumana, pamwamba pa mbali yofewa ya kumwamba kwa m'kamwa. Nditamutsegula pakamwa pang'ono, phokoso linasiyiratu nthawi yomweyo. Mawu ake akalira anali abwinobwino, zomwe zinachepetsa nkhawa yanga pa kholingo. Nkhope inali yofanana mbali zonse, msana wa mphuno wosatupa, mano abwino.

Posinthira zinthu penipeni panali m'khutu. Mphaka amene wabwera ndi vuto la mphuno n'kosavuta kuiwala kumuyang'ana m'makutu. Khutu lakumanzere linali loyera. Lakumanja munali phula lochuluka, ndipo nembanemba ya m'khutu inali yosawala, yotukumuka, ngati pali china chikuikankha kuchokera mkati. Nditafunsa, mayiwo anakumbukira kuti mphakayo amakanda khutu limenelo ndi kupukusa mutu, koma sanaone kuti zikugwirizana ndi nkhani ya kupuma. Mutu sunali wopendekeka, ndipo maso anali ofanana.

Anandionetsanso vidiyo ya pafoni imene anamujambula ali mtulo. Chifuwa chinkakoka kawiri kapena katatu popanda mpweya kulowa, kenako ankadzambatuka n'kutsegula pakamwa, n'kugonanso. Vidiyo imeneyo inandiuza zambiri kuposa zimene ndinaona pa tebulo, chifukwa mphaka akagona minofu ya kummero imafooka ndipo kanjira kotsalako kamatsekekeratu. Masiku ano aliyense wodandaula za kupuma kwa mphaka ndimamupempha kuti ajambule, phokoso likumveka.

Za maphokoso amene mphaka amatulutsa

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa yankho la funso lija, lakuti kodi n'kwachibadwa kuti mphaka azimveka akamapuma, lagona apa. Mphaka wathanzi amapumira m'mphuno ndipo sumumva, pokhapokha utaika khutu pafupi kwambiri. Akagona tulo tofa nato amapuma kosakwana ka 30 pa mphindi. Kamkonono kapansipansi kamene kamabwera mwa apo ndi apo, mphaka atapinda khosi mtulo, n'kutha akatembenuka, sikandidetsa nkhawa. Amphaka a nkhope yophwatalala monga Persian, Himalayan ndi Exotic Shorthair ambiri amamveka kuyambira ali ana chifukwa cha timabowo ta mphuno topanikizika. Mwa iwo phokoso ndi lofala, koma kufala sikutanthauza kuti akupuma momasuka, ndipo nalonso likasintha liyenera kufufuzidwa. Kunenepa kwambiri kumawonjezera vutoli.

Kamkokomo ka chisangalalo kamachokera ku kholingo ndipo kamamveka mosalekeza, pokoka ndi potulutsa mpweya pomwe. Kamaleka mphaka akasokonezedwa, mwachitsanzo mukatsegula mpopi wa madzi pafupi naye. Phokoso la kutsekeka sililabadira mpopi. Komanso mphaka wodwala kwambiri kapena amene akumva ululu amathanso kutulutsa kamkokomoka, choncho sikaperekera umboni wa thanzi.

Phokoso lobesa ngati la mphaka uyu limachokera m'mphuno kapena kuseri kwake. Phokoso lakuthwa, lokhala ngati likhweru pokoka mpweya, limachokera ku kholingo kapena kumtunda kwa njira ya mpweya, ndipo nthawi zambiri limayendera limodzi ndi kusintha kwa mawu. Limeneli limandichititsa changu kwambiri. Kutswiriza potulutsa mpweya, mimba ikukankha, pamodzi ndi kutsokomola mphaka atagwada n'kutambasula khosi, kumaloza ku timachubu ta m'mapapo, ndiye kuti mphumu kapena kutupa kwa nthawi yaitali. Ndipo oopsa kuposa onse nthawi zambiri samveka n'komwe: mphaka amene madzi adzaza m'chifuwa kapena m'mapapo chifukwa cha matenda a mtima amapuma mofulumira, mosazama, mwakachetechete. Mphaka wopumira pakamwa atakhala pansi, kapena wa nkhama zotuwa kapena zabuluu, ndi wa changu, phokoso likhalepo kapena ayi.

Zimene tinasankha ndi chifukwa chake

Pa msinkhu wake, pamodzi ndi khutulo, choyamba pa mndandanda wanga chinali chotupa chotchedwa polyp. Chimenechi si khansa. Chimaphuka mkati mwa khutu kapena m'kachubu ka Eustachian kamene kamalumikiza khutu ndi kuseri kwa mphuno, n'kumakula kulowera kummero kapena kuboola nembanemba n'kutulukira m'ngalande ya khutu. Chimapezeka kwambiri mwa amphaka aang'ono, ngakhale achikulire nawonso amakhala nacho. Zina zimene ndinasiya pa mndandanda ndi kupanikizika kwa njira ya kuseri kwa mphuno chifukwa cha zipsera, tsamba la udzu lokodwa kumeneko, kuwonongeka kwa m'mphuno kotsatira herpesvirus (kachilombo koyambitsa chimfine cha amphaka), mafangasi a Cryptococcus, ndi khansa yotchedwa lymphoma, imene imakonda amphaka achikulire koma siyang'ana msinkhu ngati pali FeLV, kachilombo kofooketsa chitetezo cha thupi la mphaka.

Panali njira ziwiri zachidule zimene ndinakana. Yoyamba, kuperekanso mankhwala opha mabakiteriya kachitatu, mwina amtundu wina. Yachiwiri, kuyesa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, kuti tione ngati phokoso lichepe. Mwina likanachepa, chifukwa kutupa kumaphwa ndi mankhwala amenewa, koma akanabisa lymphoma ngati ikanakhalapo ndipo akanapatsa mphamvu mafangasi. Ndinawafotokozera mayiwo kuti malo amene ndikuwakayikira sitingawaone mphaka ali maso, ndipo popanda kumugonetsa tizingopenekera.

Magazi anali abwino, FeLV ndi FIV, kachilombo kena kofooketsa chitetezo cha thupi, panalibe. Ekisire ya chifuwa, imene ndinatenga kuti nditsimikize za mtima ndi mapapo tisanamugonetse, inali yoyera. CT, njira yojambulira m'thupi mwatsatanetsatane kuposa ekisire, ndi imene imaonetsa bwino mkati mwa khutu, koma ife tilibe. Ndinawauza za mwayi womutumiza kumene iliko, ndipo iwo anasankha kuti tiyambe ndi zimene tingachite pompano.

Pogonetsa ndi pochotsa

Choopsa chachikulu pa mphaka wotsekeka kuseri kwa mphuno si mpeni koma mphindi za pakati pa jekiseni womugonetsa ndi kulowetsa chubu chopumira kummero. Mankhwala akayamba kugwira, minofu ya kummero imafooka, ndipo mphaka woledzera ndi mankhwala sakumbukira kutsegula pakamwa. N'chifukwa chake ndinapereka mankhwala oyambirira ochepa, tinaika kachubu ka mumtsempha, tinamupatsa okosijeni kwa mphindi zingapo, ndipo machubu a milingo yosiyanasiyana anali okonzeka pa tebulo. Namwino mmodzi ntchito yake inali yokhayo yogwira lilime ndi kusunga pakamwa potsegula. Ndinayang'ana kayendedwe ka kholingo asanagonetsetse, mbali zonse zinali kuyenda, kenako ndinadonthezapo lidocaine, mankhwala ochititsa dzanzi, ndi kulowetsa chubu.

Chipangizo cha sipuling'i chokanulira pakamwa sitinachigwiritse ntchito. Mwa amphaka, kukanula chibwano mpaka pamapeto kwa nthawi yaitali kumatha kufinya mtsempha wa maxillary umene umapereka magazi ku ubongo ndi kumaso, ndipo amphaka ena adzukapo ali osaona. Kachidutswa kafupi ka chivindikiro cha singano pakati pa mano kamakwanira.

Ali mtulo tinajambula mutu. Chithunzi cha m'mbali chinaonetsa chinthu chozungulira chitadzaza mpata wa mpweya pamwamba pa mbali yofewa ya kumwamba kwa m'kamwa. Chithunzi cha pakamwa potsegula chinaonetsa kuti fupa lobulungira la mkati mwa khutu lakumanja, limene timalitcha bulla, linali lokhuthala ndiponso lopanda mpweya poyerekeza ndi linzake. Nditasindikiza ndi chala kumwamba kwa m'kamwa ndinamva cholimba chikukankhira pansi. Ndinakoka mbali yofewayo kutsogolo ndi kambedza kamene timagwiritsa ntchito potseka amphaka aakazi, ndipo chotupacho chinaonekera: chofiirira, chosalala, cholimba, cha masentimita pafupifupi 2, chitatseka njira ngati chitsekerero cha botolo.

Ndinaika gauze, tinsalu tomwa magazi, kummero kuti magazi asatsikire kumapapo, namwino atalemba chiwerengero chake pa bolodi. Ndinagwira chotupacho ndi chopanira chokhota, pafupi ndi tsinde mmene ndikanathera. Apa pamafunika kudekha. Ukakoka mwaphuma chimaduka pakati, tsinde n'kutsala, ndipo chimaphukanso. Ndinakoka mosalekeza, ndikupotoza pang'onopang'ono, mpaka chinazuka chonse ndi kamchira kake kowonda, katali, kamene kanali m'kachubu ka Eustachian. Kuona kamchira kameneka kumalimbitsa mtima. Magazi anatuluka ochepa ndipo analeka ndi kupanikiza. Kuseri kwa chotupacho kunali mamina a mafinya ochuluka, amene tinawatsuka ndi madzi a mchere kudzera m'mphuno. M'ngalande ya khutu munalibe chotupa china. Tinachotsa gauze yense, tinapopa kummero, ndipo chubu tinachichotsa mochedwa, atayamba kumeza yekha.

Bwanji sitinatsegule bulla nthawi yomweyo, popeza ekisire inaonetsa kuti ndi yodwala? Opaleshoni imeneyo imachepetsa kwambiri mwayi woti chotupa chibwerere, koma ndi yaikulu, ndipo ingasiye mutu wopendekeka, chizungulire kapena kufooka kwa nkhope. Mphaka uyu analibe chizindikiro chilichonse cha minyewa, ndipo zotupa zotulukira kummero zimabwerera mocheperapo zikazulidwa kusiyana ndi zotulukira m'khutu. Ndinaona kuti kuzula n'kutsatiza prednisolone kunali koyenera kuyamba nako. Mnzanga wina akanasankha mosiyana, ndipo sindikanamutsutsa.

Zimene zinatsatira

Atadzuka ankapuma mwakachetechete, pakamwa potseka. Koma diso lakumanja linali litasintha: kamwana ka diso kang'ono, chikope chapamwamba chogwa, diso lolowa mkati pang'ono, chikope chachitatu (kanembanemba ka pakona ya diso) chitakwera. Ameneyu ndi Horner's syndrome. Minyewa imene imayendetsa zinthu zimenezi imadutsa mkati mwa khutu la mphaka, pamalo osatetezeka, ndipo kukoka tsinde kumaigwedeza. Sizipweteka, siziwononga kuona, ndipo nthawi zambiri zimatha zokha pa masabata kapena miyezi ingapo. Mayiwo ndinali nditawaonetsa kale chithunzi cha diso lotere tisanayambe. Akanaliona koyamba pa mphaka wawo osachenjezedwa, kukambirana kwathu kukanakhala kwina.

Anapita kunyumba ndi buprenorphine wa ululu, mankhwala opha mabakiteriya a masiku ochepa chifukwa cha mafinya aja, ndi prednisolone woyambira pa 1 mg pa kilogalamu kawiri pa tsiku, womachepetsedwa pang'onopang'ono kwa pafupifupi mwezi. Ndimalemba prednisolone, osati prednisone, chifukwa thupi la mphaka siligwiritsa bwino ntchito prednisone. Meloxicam, mankhwala ena a ululu ndi kutupa, sindinapereke, popeza saphatikizidwa ndi prednisolone. Ndinawakumbutsanso kuti paracetamol imapha mphaka, ndipo kuti piritsi lililonse azilitsatiza ndi timadzi kuti lisakakamire pammero.

Usiku woyamba mayiwo anaimba foni ali ndi mantha, akuti akhala akumugwedeza mphakayo kangapo chifukwa sakumumva. Anali atazolowera phokoso mpaka bata linasanduka chizindikiro cha imfa. Ndinawaphunzitsa pafoni pomwepo kuyang'ana nthiti, kuwerenga kukwera ndi kutsika ngati kupuma kumodzi kwa masekondi 30, n'kuchulukitsa kawiri. Anapeza 24. Chizolowezi chimenechi anachipitiriza, ndipo chinatithandiza pambuyo pake.

Zotsatira za ku labotale zinatsimikiza kuti chinali polyp: mnofu wa ulusi ndi timitsempha ta magazi, wodzaza ndi maselo a kutupa, wokutidwa ndi khungu la mtundu wa m'njira ya mpweya. Khansa panalibe, mafangasi panalibe. Ngakhale chotupa chioneke chodziwikiratu chotani, ndimachitumizabe, chifukwa lymphoma ya pamalo amenewa ingafanane nacho m'maso.

Chilakolako cha chakudya chinabwerera mwamsanga. Mphaka amadya ndi mphuno, ndipo amene sakumva fungo amasiya mbale ngakhale ali ndi njala. Diso linabwerera mwakale patatha mwezi ndi masabata angapo. Sikelo inafika pa makilogalamu 3.9.

Phokoso litabweranso

Patatha miyezi pafupifupi itatu mayiwo anabweranso, akuti mkonono wayambiranso. Nanenso mtima unagunda, poganiza kuti tsinde linatsala. Koma chithunzi chinali china. Phokoso linali lopepuka, lomveka kutsogolo kwa mphuno, lobwera n'kumapita, ndipo akayetsemula linkatha kwa kanthawi. Maso anali ndi misozi. Kagalasi kanaonetsa nthunzi yokwanira mbali zonse. Kupuma kwake ali mtulo, malinga ndi kabuku ka mayiwo, sikunadutse 26, ndipo pa vidiyo yatsopano panalibe kudzidzimuka kuja. M'nyumbamo anali atangomaliza kukonzetsa chipinda, amisiri akulowa ndi kutuluka.

Ndinaganiza kuti ndi herpesvirus wa ku ubwana uja. Kachilomboka kamabisala m'minyewa moyo wonse ndipo kamadzuka mphaka akasokonezeka mtima kapena akalandira mankhwala a gulu la prednisolone. Sindinatumize zoyeza za PCR zofufuza kachilomboka, chifukwa amphaka ambiri athanzi amapezeka nako ndipo zotsatira zake sizikanasintha chochita. Komabe sindinafune kudalira maganizo okha pa mphaka amene bulla yake ndi yodwala. Zizindikiro zitapitirira sabata, tinamugonetsa kwa mphindi zochepa n'kukokanso mbali yofewa ija. Kuseri kunali koyera, kopanda chophuka chilichonse kapena chipsera chopanikiza. Nembanemba ya m'khutu inali itaphwa, ngakhale inali isanawale ngati inzake.

Tinamuthandiza ndi madontho a madzi a mchere m'mphuno, nthunzi ya m'bafa, ndi chakudya chonyowa chofunditsa pang'ono kuti fungo limveke. Zinatha zokha popanda mankhwala opha mabakiteriya.

Patha chaka tsopano chichotsereni chotupacho ndipo sichinabwerere. Akagona chagada amamvekabe pang'ono nthawi zina, zomwe ndikuganiza kuti ndi zotsalira za kuwonongeka kwa m'mphuno ali kamwana, ndipo zimenezo tazisiya. Ekisire yaposachedwa ikuonetsa bulla yakumanja ikadali yokhuthala. Tagwirizana ndi mayiwo kuti akaona phokoso la tsiku ndi tsiku mphaka ali maso, kuvutika kumeza, mafinya m'khutu, mutu wopendekeka kapena diso lija litasinthanso, abwere osadikira. Zikatero sitidzazulanso. Tidzamutumiza ku CT, kenako kwa dokotala wa opaleshoni kuti akatsegule bulla kuchokera pansi pa khosi ndi kuyeretsa zipinda zake zonse ziwiri, pakuti ya mphaka ili ndi kafupa kogawa pakati, ndipo tsinde limakonda kukhala m'chipinda chaching'ono cha kuseri kwa kafupako.